Nyanga za njinga yakale ndi manja anga

Chala changa chaching'ono cha kudzanja lamanja ndicho chinayamba kudandaula. Ndikapalasa ola limodzi chinkachita dzanzi, kenako chinzake choyandikana nacho, mpaka potsika panjinga ndinkavutika kumasula lamba wa chipewa. Njingayo ndi yachitsulo, yampikisano, ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinaikonza ndekha kwa miyezi ingapo: kupala dzimbiri, kupaka girizi watsopano, kusintha mawaya ndi matayala. Ndinaikonda ndisanaikwere n'komwe. Ndiye ululu utayamba, mlandu wonse ndinaupereka kwa handulo yake, ija yopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo. Ndinkati anthu akale ankangopirira, sankadziwa kupanga chinthu chogwirizana ndi dzanja la munthu.

Tsiku lina ndinaima pamthunzi ndikukutumula manja kuti magazi ayende. Panafika bambo ena achikulire, nawonso ali panjinga yachitsulo. Anaima, tinapatsana moni, ndipo maso awo anapita pa handulo yanga. Anaiyang'ana nthawi yaitali, chakumbali, atawerama pang'ono.

"Mwanawe, anakumangira handuloyi ndani?"

"Ndamanga ndekha, bambo."

"Wamanga ngati ya masiku ano. Iyi si ya masiku ano. Waitsitsa kwambiri, waipendeketsera kumwamba, ndiye ukukhalira kugwira pamitu ya mabuleki. Manja ako kwawo ndi pansipa." Anagogoda ndi chala pa mbali yam'munsi ya handulo, pomwe chitsulo chimawongoka kuloza kumbuyo. "Ikweze, uitembenuze, ukayese mlungu umodzi."

Sindinawakhulupirire nthawi yomweyo. Ndinkaona ngati kugwira pansi ndiko kungandithyole msana. Koma paja mawu a akulu amakoma akagonera. Zomwe ndalemba panozi ndi zomwe ndinazindikira pambuyo pake, pang'onopang'ono, ndili ndi sipanala ndi tepi yoyezera m'manja.

Handulo yopindikira pansi ili ndi malo anayi kapena asanu oikapo manja. Pali pamwamba powongoka, pafupi ndi pakati, pomwe munthu amagwira akamakwera chitunda chachitali ali chikhalire. Pali pangodya, pomwe chitsulo chimakhotera kutsogolo. Pali kamtunda kochokera pangodyapo kukafika pamabuleki. Pali mitu ya mabuleki yokutidwa ndi labala. Kenako pali m'kati mwa goli lenilenilo, kutanthauza pomwe chitsulo chimapindikira pansi n'kubwerera kumbuyo, ndi kumapeto kwake kowongoka, pansi. Opanga amayeza zinthu zitatu: m'lifupi mwake, kutambasukira kwake kutsogolo komwe m'mabuku awo amati reach, ndi kuya kwake komwe amati drop. Handulo zambiri za masiku ano ndi zosaya, pakati pa mamilimita 120 ndi 130. Zakale zambiri zinkayambira cha m'ma 140, zina mpaka kuyandikira 160. Papepala kusiyanako n'kochepa. Pamsana ndi pakhosi, masentimita atatu ndi ulendo.

Koma nambala ya kuya payokha imanamiza, ndipo apa ndi pomwe ndinasokera. Njinga zakale ankazikwera zazikulu kuposa momwe timasankhira lero. Onani zithunzi za mipikisano ya m'ma 1950 ndi 1960: chitsulo chonyamula chishalo chimangotuluka pang'ono, kutalika kwake ngati chibakera chimodzi, ndipo pamwamba pa handulo pamakhala pansi pa chishalo ndi masentimita ochepa okha. Popeza handulo inkayambira pamwamba chotero, goli lakuya linkafikitsa manja pamalo oyenera kuthamangira, osati pansi penipeni. Wokwera ankakhala ndi misinkhu iwiri yosiyanadi: pamwamba popumira, chifuwa chili poyera, ndi pansi polimbanirana ndi mphepo. Njinga ya masiku ano imayambira kale pansi, ndiye goli lake liyenera kukhala losaya kuti munthu alifikire. Ine ndinatenga goli lakuya la kale n'kuliika pamsinkhu wa lero. Pansi panasanduka kutali, moti sindinkapitako, ndipo thupi langa lonse linkatsamira pamitu ya mabuleki.

Mitu imeneyo sinapangidwire ntchito yotere. Zogwirira mabuleki zakale ndi zazing'ono, zowonda, ndipo waya wake amatulukira pamwamba n'kupanga uta kutsogolo kwa wokwera. Magiya ankasinthira pafelemu, pa timikono tiwiri tokhala pa chitsulo chotsikira kumapedulo. Dzanja linkachoka pa handulo, kusintha giya, n'kubwerera. Silinkakhala malo amodzi. Zinthu zinatembenuka pomwe kampani ya Shimano inatulutsa STI mu 1990, n'kuphatikiza buleki ndi giya m'chogwirira chimodzi, ndipo Campagnolo inatsatira ndi Ergopower mu 1992. Kuyambira pamenepo mutu wa buleki unakula, unatalika, unasanduka khomo lenileni la manja. Handulo nazo zinasintha kuti zigwirizane nawo: kamtunda ka pamwamba kanakhala kafulati, kolumikizana ndi mutuwo ngati thabwa limodzi, ndipo kutambasuka kunafupika chifukwa mutu watenga kale malo.

Pa handulo yakale kamtundako kamatsetsereka. Chitsulo chimayamba kugwera pansi chikangochoka pangodya, ndipo buleki imamangidwa chapakati pa goli, osati pamwamba. Amisiri akale ankaika rula pansi pa mbali yowongoka ya kumapeto, n'kutsitsa buleki mpaka nsonga yake itakhudza rulayo. Mbali yowongokayo ankaiika molingana ndi nthaka, kapena kuipendeketsa pang'ono kuti iloze cha ku buleki yakumbuyo. Mukatero, zala zimafikira buleki mosavuta muli pansi, pomwe pamafunika mphamvu yonse yoimitsira njinga pamatsitso. Ine ndinachita zosemphana. Pofuna kuti pamwamba pakhale pafulati ngati pa njinga zomwe ndinazolowera, ndinatembenuzira handulo kumwamba ndi kukweza mabuleki. Mapeto ake analoza pansi ngati minyanga, osagwirika, ndipo ndikayesa kulowa m'goli zala zinkangopapasa mphepo osaipeza buleki. Pamwambapo napo dzanja linkapindikira kunja, kulemera konse kuli pa mnofu wa chikhatho wa mbali ya chala chaching'ono. Pamenepo ndi pomwe pamadutsa mtsempha wotumikira chala chaching'onocho ndi theka la chinzake. Muupsinje ola lathunthu, dzanzi silingalephere.

Ndikamanena kuti "handulo yakale" ndikuphatikiza zinthu zosiyana kwambiri, ndipo kusiyanaku ndiko kumandisangalatsa. Cino Cinelli wa ku Italy anali katswiri wopalasa njinga, anapambana mpikisano wa Milan–San Remo mu 1943, ndipo atasiya kuthamanga anakhazikitsa kampani yake ku Milan mu 1948. Handulo zake za aluminiyamu zinadzaza mipikisano ya m'ma 1960 ndi 1970, ndipo iliyonse inali ndi nambala ndi dzina. Ya 64, Giro d'Italia, ndi yosaya poyerekeza ndi zinzake, yofatsa, yoti anthu ambiri angakhale nayo. Ya 66, Campione del Mondo, ndi yakuya, yoyenera munthu wa manja aakulu ndi msana wofewa. Ya 65, Criterium, ndi yodabwitsa mukaiyang'ana kuchokera pamwamba: ilibe ngodya zenizeni, imayamba kukhotera kutsogolo ikangochoka pakati. Anaipinda chotero kuti wothamanga akaimirira pamapedulo, manja ali pansi, akugwedezera njinga uku ndi uku, mikono isamagunde chitsulo cha pamwamba. Pa liwiro la kumapeto kwa mpikisano ndi yabwino zedi. Pa ulendo wa tsiku lonse imakulandani malo opumitsira manja, chifukwa pamwamba powongoka pamatsala pochepa ndipo pangodya palibe. Munthu akhoza kuikonda chifukwa cha kukongola kwake, ineyo ndimaikonda, koma ayenera kudziwa kuti anaipangira chiyani.

Ku Turin, ku Italy komweko, kunali kampani ya 3ttt, yomwe inkatcha mapindidwe ena ndi mayina a akatswiri, Merckx ndi Gimondi. Eddy Merckx anapambana mpikisano wa Tour de France kasanu, Felice Gimondi anapambana mu 1965, ndipo wogula ankasankha goli ngati akusankha mbali pakati pa awiriwo. Kale kuposa apo kunali mapindidwe otchedwa Maes, dzina lokumbutsa Sylvère Maes wa ku Belgium yemwe anapambana Tour de France mu 1936 ndi 1939. Pa Maes, kamtunda ka pamwamba ndi mbali ya pansi zimayenda pafupifupi molingana, ngati mizere iwiri ya m'kope, zolumikizidwa ndi goli lozungulira bwino. Ndiye mukaika pansi molingana ndi nthaka, pamwamba napo pamakhala pafulati, potalika, poti chikhatho chingasunthirepo kutsogolo ndi kumbuyo. Mwa mapindidwe onse akale, awa ndi omwe ndimaona kuti amamvana msanga ndi munthu wozolowera njinga za lero.

Anthu a ku France oyenda maulendo aatali, ngati wa makilomita 1,200 wa Paris–Brest–Paris, anali ndi yawoyawo, yotchedwa randonneur. Iyo imakwera pang'ono kuchokera pakati kupita m'mbali, kupanga kachulu kogwirizana ndi chikhatho, ndipo mapeto ake amatagadukira kunja. Pamwamba imakhala yopapatiza, pansi yotakata. Munthu wopalasa usiku ndi usana, chikwama chili kutsogolo pakati pa mabuleki, safuna kuthamanga kwa mphindi imodzi. Amafuna manja omwe adzakhale akumvabe mawa m'mawa. Kampani ya Nitto ya ku Japan, yomwe inayamba mu 1923, ikupangabe mapindidwe ambiri akalewa mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake wokonza njinga yakale sakakamizika kudalira chitsulo chotopa cha zaka makumi asanu.

M'zaka za m'ma 1980 kunabwera handulo zotchedwa anatomic, zomwe kampani ya Modolo inatchuka nazo, zokhala ndi kachigawo kowongoka m'kati mwa goli kuti chikhatho chikhazikike. Ambiri anazikonda. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Zimakuuzani malo amodzi oti mugwire, ndipo ngati dzanja lanu silifanana ndi lomwe wopanga ankaliganizira, mulibe kothawira. Goli lozungulira silisankhira munthu. Dzanja limakwera pang'ono, limatsika pang'ono, ndipo paliponse pomwe laima pali ngodya yosiyanako ndi yoyamba.

Za m'lifupi ndingodutsapo mwachangu. Handulo zakale zinali zopapatiza, masentimita 38 kapena 40, ngakhale kwa anthu aatali. 42 inkaoneka yaikulu. Lamulo lotchuka ndi loti handulo ifanane ndi mapewa, koma ndi poyambira chabe. Yopapatiza imachepetsa mphepo, yotakata imapatsa mphamvu yowongolera pamsewu wa mabampu kapena kutsogolo kukakhala katundu. Chomwe chimasokoneza ndi kayezedwe: ena amayeza kuchokera pakati pa chitsulo kufika pakati pa chinzake, ena kuchokera kunja kufika kunja, ndipo kusiyana kwake ndi masentimita awiri ndi kadontho. "42" ya kampani ina ndi "40" ya ina. Tengani tepi muyeze nokha, musadalire chidindo.

Pomwe sindingadutse mwachangu ndi pakati, pomwe handulo imagwiridwa ndi stem, khosi lija lolowa m'foloko. Apa zachitetezo zimaposa zokonda. Kale mayiko ankasiyana muyezo wa kunenepa kwa handulo pamenepa. Njinga zambiri za ku Japan ndi ku Britain zinali pa mamilimita 25.4. Za ku Italy zambiri pa 26.0. Cinelli yakale inali payokha pa 26.4. Za ku France zakale pa 25.0, ndipo stem yake yolowa m'foloko inali 22.0 pomwe ena ambiri anali pa 22.2. Zamakono zambiri zili pa 31.8. Ndi maso simungasiyanitse 26.0 ndi 26.4, ndipo pamenepo ndi pomwe pagona ngozi. Mukaika handulo yowonda mu stem yotakata, mumamanga bawuti mpaka kukakamiza aluminiyamu kupindika kuposa momwe angathere. Mwina handulo idzatembenuka pomwe mwagwira mabuleki mwamphamvu, mwina stem idzang'aluka. Mukakakamiza yonenepa kulowa mu yopapatiza, mumatagadula kukamwa kwa stem ndi kukanda handulo pamalo omwe imanyamula katundu wochuluka. Handulo ya 25.4 ikhoza kukhala mu stem ya 26.0 ngati mwaika kachitsulo kopyapyala kopangidwira ntchitoyo. Zina zonsezo, pezani ziwiri zofanana. Vernier caliper, choyezera kunenepa kwa zitsulo, ndi chida chaching'ono, koma wokonza njinga zakale asakhale nacho kutali.

Ndinaphunzira izi nditatsala pang'ono kulakwitsa. Ndinali ndi stem yaitali yomwe ndinkafuna kukwezera handulo, ndipo polowetsa ndinamva kuti ikukana pagoli. Stem zakale zili ndi bawuti imodzi ndipo sizitseguka kumaso ngati za lero, ndiye handulo imalowa chokwawa, mutachotsa tepi ndi buleki ya mbali imodzi, mukuitembenuza pang'onopang'ono kuti goli lidutse. Kukana pang'ono pagoli n'kozolowereka. Koma itafika pakati inangoti nga, osasunthanso, ndipo mtima unandiuza kuti ndiime. Nditayeza ndinapeza kuti zikusiyana ndi kachigawo ka milimita. Ndinazula, n'kudikira masabata awiri mpaka nditapeza yoyenera. Pa stem iliyonse yotere palinso mzere wosonyeza malire a kuikweza. Mzerewo uzikhala wobisika m'kati mwa foloko nthawi zonse. Ngati msinkhu womwe mukufuna ukuutulutsa poyera, mukufunika stem yaitali, monga Technomic ya Nitto, osati kuba masentimita pa yomwe muli nayo.

Ndipo pali ukalamba wa chitsulocho. Handulo yachitsulo ikatopa kawirikawiri imayamba yapindika, kukuchenjezani. Ya aluminiyamu imatha kuthyoka kamodzi n'kamodzi. Thukuta la zaka zambiri limalowa pansi pa tepi, mchere wake n'kumadya mwakachetechete, makamaka pansi pa lamba womangira buleki. Kunja tepi ili mbee, m'kati muli ufa woyera ndi timaenje: chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musanakhulupirire handulo yakale iliyonse, ivuleni yonse, muipukute, muione padzuwa. Yang'anani m'mbali mwa pomwe stem imagwira, ngati pali mkwasa wakuya kapena kamng'alu konga tsitsi. Igonekeni patebulo muone ngati mbali ziwiri zikufanana. Ngati ina yapotoka, njingayo inagwapo, ndipo aluminiyamu wopindika sawongoledwa. Ikamalira kuti tswii mukaitsamira, mwina ndi kachikuto ka pakati kokha komwe kamasuka, koma musangoganiza, fufuzani. Ndimakonda zidindo zakale zozokotedwa pakati pa handulo, timasamba tija ndi mayina a opanga, ndipo zimandiwawa kupachika pakhoma chinthu chokongola chotero. Komabe ndapachikapo ziwiri.

Pali anthu omwe amasunga njinga zakale momwe zinatulukira m'fakitale, ndipo ndimawalemekeza. Ku Gaiole in Chianti, m'chigawo cha Tuscany ku Italy, kumachitika L'Eroica kuyambira 1997, pomwe anthu amapalasa m'misewu yoyera yafumbi pa njinga za 1987 kapena kale kuposa apo, magiya ali pafelemu, mawaya a mabuleki ali poyera. Mukaona zithunzi zawo, yang'anani manja a omwe akuoneka omasuka pamatsitso. Ambiri ali pansi m'goli, zigongono zopindika pang'ono, zala ziwiri pabuleki. Sakuchita zimenezo pofuna kuoneka ngati akale. Mabuleki a nthawi imeneyo ndi ofooka mukawafinya kuchokera pamwamba, ndipo pamsewu wa miyala goli limagwira dzanja kuti lisadumphe. Njinga yomwe imawaphunzitsa.

Stem yoyenera itafika ndinachita zomwe bambo aja ananena. Ndinakweza handulo mpaka pamwamba pake patatsala masentimita atatu kuti palingane ndi chishalo. Ndinaitembenuza kuti mapeto aloze cha ku buleki yakumbuyo, ndinatsitsa mabuleki pogwiritsa ntchito rula, kenako ndinawakwezanso pang'ono pokha, chifukwa manja anga si aakulu ndipo ndimafunabe kupumirako pamitu nthawi zina. Stem yatsopanoyo ndinasankha yofupikirapo chakutsogolo ndi sentimita imodzi, poti handulo yanga imatambasukira patali. Tepi sindinakulunge. Ndinangomata mawaya ndi kuvala magolovesi, sipanala ili m'thumba, ndipo kwa masabata awiri ndinkaima m'njira kusuntha buleki mamilimita awiri, kutembenuza handulo pang'ono, n'kupitirira. Kusintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, kuti ndidziwe chomwe chathandiza.

Tsiku lachitatu, mphepo ikuchokera kutsogolo, ndinatsitsa manja m'goli n'kukhala momwemo mphindi makumi awiri osaganizako. Dzanja linali chowongoka ngati ndikupereka moni, kulemera kutagawanika pachikhatho chonse, khosi silinkakakamizika kudzuka kuti ndione njira. Nditatopa ndinakwera pangodya, kenako pamwamba, chifuwa n'kutseguka, ndipo ndinamva kuti ndasinthadi kakhalidwe, osati kungosuntha manja. Sikuti zonse zinatha. Pamitu ya mabuleki sipanakhale pabwino ngati pa njinga yamakono, ndipo sipadzakhala. M'misewu yodzaza magalimoto, pomwe umafuna kukhala chilili zala zili pabuleki, ndimakumbukirabe zogwirira zazikulu za lero. Koma dzanzi linachoka.

Pamapeto pake ndinakulunga tepi ya thonje, yopyapyala, kuyambira kumapeto kukwera chapakati. Ena amaipaka shellac, mtundu wa vanishi, kuti iume ndi kukhalitsa zaka. Ine ndinaisiya yosapaka, ndione kaye komwe manja azidetsa. Patha miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Pamwamba tepi idakali yoyera ndithu, pangodya yada pang'ono, koma pansi, pomwe goli limayamba kuwongoka, yasanduka yotuwa mbali zonse ziwiri ndipo ulusi wayamba kusalala. Bambo aja sindinakumane nawonso. Ndikadzawaona ndidzawaimitsa, ndiwaonetse pamenepo.